Mzukwa wa pa 433, Gawo 6: Nthambo ya amalume

Mwabweranso? Ndinadziwa. Ngakhale inu amene munalumbira sabata yatha kuti nkhani ya maeriyo yakukwanani, ndakuonani mwakhala kale pa benchi lakutsogolo. Sendezani pang'ono, ena akhale nawo.

Tinasiyana zinthu zitathina. Muvi wa pa laputopu ya msuweni wanga unali utaloza malo awiri nthawi imodzi: nyumba ya akulu a mpingo, ya mpanda wa njerwa ija, ndi shabini ya amayi aja amene sindiwatchula chifukwa ena a inu muli nawo ngongole. Marimoti a galimoto m'dera lathu n'kuti akukanabe. Munthu udina, udinanso, uyandikira, ukweza dzanja m'mwamba, galimoto ili duu, osakhoma. Phokoso la mafunde lotsekereza marimotiwo, limene tinkalisakasaka, ndi limene tinalitcha mzukwa.

Nkhani ya m'tauni sigona panja. Kutacha, amayi a mandasi anali atamva kale kuti kompyuta yagwira akulu a mpingo. Pofika masana anyamata a kabaza ankatsutsa, eti ndi shabini, eti mayiyo anaitanitsa kachipangizo ku Joni kotsekereza marimoti kuti akuba azitsegula magalimoto a makasitomala ake. Zoterezi ku Joni zimachitikadi, ndipo mlamu wathu amati kumeneko munthu ukakhoma galimoto umayesanso chitseko ndi dzanja usanachokepo. Gulu lachitatu silinkafuna kumva za kompyuta. Iwo anali atamaliza kale mlandu: ndi za kumudzi izi.

Madzulo tinakhala pakhonde atatu, ine, amalume ndi msuweni. Msuweni sanakhudze n'komwe tiyi wake.

"Adadi, mzukwawu ndi umodzi."

"Umodzi ukhala nyumba ziwiri? Ndi wa mitala?"

"Taonani kuno. Phokosoli ndi lotambalala, ladzaza malo onse a 2.4 MHz amene bokosili limatha kumva nthawi imodzi. Ndikamvera mbali ya m'munsi yokha, muvi ukuloza kwa akulu a mpingo. Ndikamvera ya m'mwamba, ukupita ku shabini. Ndikamvera pakati penipeni, ukuloza mtengo wa mango uli pakati pawo."

"Ndiye kuti wolakwa ndi mango," ndinatero ine.

Anandiyang'ana ndi diso lija limene msuweni yekha amaloledwa kukuyang'ana nalo.

Kwa inu amene munajomba gawo lachiwiri, ndikukumbutsani mwachidule, koma musazolowere. Padenga la khonde pali thabwa. Pathabwapo pali maeriyo anayi mu mzere umodzi, otalikirana masentimita 35, theka la funde la pa 433 MHz limene limatalika masentimita 69. Mafunde a wailesi amayenda masentimita 30 pa nanosekondi imodzi, ndipo nanosekondi ndi sekondi yogawidwa ka 1 biliyoni. Funde likachokera kutsogolo kwenikweni, limagunda maeriyo onse anayi pamodzi. Likachokera cham'mbali, tinene madigiri 30, limayamba lafika pa eriyo yakumapeto, kenako liyenera kuyendanso masentimita 17.5 kuti lifike pa yotsatira. Kumeneko n'kuchedwa kwa nanosekondi 0.58. Ntchito ya kompyuta ndi kuimitsa amene afika msanga kuti adikire anzawo, n'kuwaphatikiza onse. Imayesa mbali iyi, iyesa iyo, ndipo kumene kuphatikizako kwatulutsa mawu amphamvu kwambiri n'kumene muvi umaloza. Thabwa silisuntha. Zimene zimazungulira ndi masamu.

Ndiye ngati chinthu chimodzi chikuoneka m'malo awiri, wina mwa anayiwo akunama za nthawi imene wafika.

Msuweni anayamba ndi bokosi. KrakenSDR ija anabweretsa mlamu ili ndi mawailesi asanu a RTL-SDR m'kati mwake, onse oyendera wotchi imodzi, ndipo ili ndi kachipangizo kake kotulutsa phokoso kamene imadziyezera nako nthawi iliyonse mukasintha frequency. Bokosilo linali bwinobwino. Koma limangodziwa za m'mimba mwake. Zimene zikuchitika kunja, kuchokera pa pulagi kukafika padenga, ndi za mwini wake.

Anadzuka, n'kuyamba kulondola nthambo ndi dzanja. Yoyamba, kuchokera padenga mpaka pa bokosi. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu chimodzimodzi. Yachinayi inatsika padenga, n'kukhota, n'kulowa kunsi kwa tebulo, kuseri kwa chitini cha penti, m'thumba la feteleza.

Amalume anayamba kutsokomola.

Anatulutsa thumbalo n'kulikhuthula pansi. Nkhata yaikulu ya nthambo yakuda, yokulungidwa mwaukhondo, yomangidwa ndi linya malo atatu.

"Adadi, ichi n'chiyani?"

"Nthambo."

"Ndikuona kuti ndi nthambo. Zinzakezi ndi za mamita awiriawiri. Iyi?"

"22."

"Adadi!"

"Nthambo yabwino sadula, mwanangu. RG-58 yeniyeni imeneyo, m'kati mkuwa wokhawokha, osati zanu za masiku ano zoti ukapinda kamodzi zathyoka. Ndidule chifukwa cha mamita awiri? Mawa ndikaifuna yaitali ndikaipeza kuti?"

Ndani angawatsutse? Munthu amene wakonza mawailesi kuyambira nthawi ya Nzeru amadziwa mtengo wa waya. Koma mafunde alibe nazo ntchito za mtengo. M'kati mwa RG-58 amayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi mumlengalenga, masentimita 20 okha pa nanosekondi. Mita iliyonse ndi mananosekondi 5. Mamita 20 owonjezera ndi mananosekondi 100. Ife tinkasakasaka kusiyana kwa theka la nanosekondi, pamene m'thumba la feteleza munali mutabisala 100.

Apa amalume anawongoka pampando, chifukwa anali ndi mfundo, ndipo mfundo yake inali yolemera.

"Koma tinakonza kale! Si uja mphwangayu anakaima kutsogolo kwa thabwa n'kumadina rimoti mpaka chala kutupa? Iwe unasintha manambala ako, maeriyo onse anayi anagwirizana. Ndinaona ndi maso angawa."

Zoona, mukukumbukira inunso. Tsiku limenelo msuweni anakonza phase ya eriyo iliyonse pa 433.92 MHz, pamene marimoti ambiri amalankhulira, ndipo muvi unandiloza ine pamphuno penipeni.

Vuto lake ndi ili, ndipo gwirani bwino chifukwa nkhani yonse ya lero yagona pamenepa. Phase imangokuuza kuti funde lili pati pa ulendo wake umodzi wokwera ndi kutsika, kuyambira 0 mpaka madigiri 360, kenako imayambiranso pa 0. Ili ngati wotchi ya pakhoma. Mlendo wina wafika 3 koloko Lolemba, mnzake wafika 3 koloko Lachinayi, wotchi ikuti afikira limodzi. Funde limodzi la pa 433.92 limatenga mananosekondi 2.3. M'mananosekondi 100 mumalowa mafunde 43 athunthu ndi kachidutswa. Tsiku lija tinakonza kachidutswako. Mafunde 43 aja anatsala momwemo, osaoneka.

Pa 433.92 penipeni sakuvutitsa aliyense. Koma sunthani pang'ono, 1 MHz yokha, eriyo yachinayi yapatuka kale ndi madigiri 36. Kuchokera kumapeto kwina kwa 2.4 MHz kufika kwinako, kupatukako ndi madigiri 86. Eriyo imodzi ikanama chonchi imakoka muvi wonse, ndipo msuweni atawerengera anapeza kuti ukusendera ndi madigiri pafupifupi 8. Pa mtunda wa mamita 300, madigiri 8 ndi mamita opitirira 40. Puloti ya akulu a mpingo, mango, shabini.

Akatswiri amati beam squint. Kawirikawiri imavutitsa anthu a maeriyo ambirimbiri oyala malo aakulu, omvera mafunde otambalala kwambiri. Kathabwa kathu ka mita imodzi sikanayenera kudwala matenda a anthu olemera chonchi, ndipo kunena chilungamo, munthu wongoseweretsa zinthuzi kunyumba phase imamukwanira masiku ambiri. Imamukwanira mpaka tsiku limene chinthu chachitali chalowa m'nkhani. Kwa ife chachitalicho chinali m'thumba.

"Chabwino, tidule," ndinatero, n'kutambasula dzanja kutenga pulayazi.

"Ukaigwira pulayaziyo, usadzabwerenso pano."

Amalume anali ndi nzeru ina. Ngati imodzi yachedwa, tichedwetse zinazo. Tigule nthambo, tiwonjezere mamita 20 pa iliyonse ya zitatuzo, zonse zifanane. Ndipo musawaseke amalume, chifukwa m'mene zinayambira ndi momwemo. Iwo eni anatikumbutsa, chala chili m'mwamba, kuti Karl Ferdinand Braun analozetsa mafunde mbali imodzi ndi maeriyo atatu mu 1905, wopanda laputopu, wopanda mwana wamwano. Msuweni anavomera, n'kuwonjezera kuti ngakhale lero ku Western Australia, pa Murchison Widefield Array pamene amamvera za kuthambo, gulu lililonse la maeriyo 16 lili ndi bokosi lake la tinjira ta mkuwa totalika mosiyanasiyana, ndipo amasankha kanjira koti funde lidutsemo kuti lichedwe mmene akufunira.

"Wamva? Ngakhale ku Australia."

"Ndamva, adadi. Mamita 60 a RG-58 mugula ndinu?"

Panali zii. Ndipo pajatu nthambo yaitali imadyanso mphamvu ya mafunde, moti tikanangofooketsa maeriyo atatu abwinobwino kuti afanane ndi mnzawo wodwala.

"Ndiwachedwetsa m'kompyuta," anatero msuweni.

Kunena n'kosavuta. Bokosili silimva mafunde mosadukiza. Limajambula kachidutswa, lijambulanso, ka 2.4 miliyoni pa sekondi iliyonse, ndipo pakati pa sampulo imodzi ndi inzake pamadutsa mananosekondi 417. Kuchedwetsa ndi sampulo yathunthu ngakhale ine ndingathe: ungokankha mndandanda wa manambala malo amodzi. Koma ife tinkafuna 100, yomwe sikwana ngakhale kota ya sampulo. Ukankha bwanji mndandanda ndi kota ya malo?

"Ndiye basi zakanika?"

"Kwa iwe zinakanika kalekale."

Tsono onani zimene anachita. Ndi masamu otchedwa FFT anang'amba 2.4 MHz ija kukhala timizere topyapyala tambirimbiri. Kale tinkapereka mankhwala amodzi kwa timizere tonse, phase imodzi basi. Tsopano kamzere kalikonse kanalandira yakeyake, yomakwera pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja, madigiri 36 pa MHz iliyonse. Atatero anatilumikizanso timizereto. Phase yokwera mowongoka choncho ndiyo kuchedwa kwenikweni kwa nthawi, mafunde 43 aja ali momwemo. Ilipo njira ina, ya fyuluta imene C. W. Farrow anafotokoza mu 1988, yowerengera nambala imene ikanakhala pakati pa masampulo awiri. Iye anati imeneyo ndi ya tsiku lina. Zonse zinali mizere yochepa ya Python, yosadzaza n'komwe sikirini.

Chimene chinandisangalatsa ine n'chakuti mzukwa womwewo ndi umene unamuthandiza kuyeza. Poti phokoso lake ndi lotambalala, anangofanizira eriyo yachitatu ndi yachinayi kuchokera kumapeto kufika kumapeto, n'kuona mmene phase ikukwerera. Yankho linatuluka pafupi kwambiri ndi 100. Tepi ya amalume siinaname.

Ndipo palibe anakwera padenga. Palibe anadikira kuti mzukwa uyambenso. Anangotsegula zimene tinajambula usiku wa dzulo lake, manambala osaphika a eriyo iliyonse payokhapayokha, n'kuwaphikanso mwatsopano. Ubwino wochitira zinthuzi m'kompyuta ndi umenewu: za dzulo ukhoza kuzimveranso lero utatchera khutu mbali ina, kapena mbali khumi nthawi imodzi. Timbale ta Starlink timene tinayamba kuoneka pamadenga kuno mu 2023 timalondola setilaiti ndi nzeru ya mtundu womwewu, timaeriyo mazanamazana m'kati, ngakhale kuti ito timachitira m'machipi. Amalume akuti tsiku lina adzatsegula kamodzi. Eni ake, bisani.

Anadina Enter.

Mivi iwiri ija inayamba kuyandikana. Wa ku shabini unachoka ku shabini, unadutsa mango, n'kukakumana ndi mnzake. Panatsala muvi umodzi, wowongoka, wosagwedera.

Nyumba ya akulu a mpingo.

"Ndinanena ine!" anakuwa amalume, amene sananenepo chilichonse chotero.

Kuseri kwa mpanda kunamveka mapazi, thi thi thi, kuthamanga. Kamnyamata ka pa nyumba yoyandikana nafe, kamene kamamva zonse koma sikamva kuitana kwa amayi ake. Tiyi asanazizire n'komwe, pageti panali patadzaza. Anyamata a neba ndi zibonga zawo, madalaivala awiri amene anaberedwa m'magalimoto mwezi watha, amayi a shabini atamanga chitenje m'chiuno kudzalandira chipepeso, ndi amfumu a m'dera akuyesetsa kukhazika anthu pansi.

"Palibe apite kunyumba ya munthu ndi chibonga," ankatero amfumu. "Ngati chilipo chilipo, tikanena kupolisi, ndipo za mafunde eni ake ndi a MACRA. Ana inu, mwatsimikiza?"

Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndivomere.

"Tadikirani kaye, amfumu," anatero msuweni, mawu ali pansipansi.

Amene mumamudziwa mukudziwa kuti mtsikana ameneyu akatsitsa mawu ndiye kuti kwaipa.

"Maeriyowa ali mu mzere umodzi. Funde lochokera kutsogolo chakumanzere ndi funde lochokera kumbuyo chakumanzere, pa madigiri ofanana, amafika pa maeriyowa ndi kuchedwa kofanana ndendende. Thabwa silingasiyanitse. Masiku onsewa pulogalamu imationetsa theka lakutsogolo lokha, chifukwa misewu ndi magalimoto zili kutsogolo."

Anasintha kabatani kamodzi. Sikirini inatsegula bwalo lonse la madigiri 360. Muvi wa kwa akulu a mpingo unalipobe. Koma unali ndi mnzake wobadwa naye mapasa, wamphamvu chimodzimodzi, woloza kumbuyo.

Kumbuyo kwa khonde lathu kulibe msewu. Kuli mpanda wathu womwe uno.

Anthu pageti sanamve bwino. Amalume anamva.

Mankhwala ake analipo: eriyo yachisanu, ija inathyoledwa ndi mbuzi m'gawo lachitatu, imene amalume anaiwotcherera n'kuipachika pamsomali. Mukaiika kunja kwa mzere, masentimita 17 kumbuyo kwa zinzake, kota ya funde, mapasa aja amasiyana. Funde lakutsogolo liyamba lagunda mzere, kenako iyo. Lakumbuyo liyamba ndi iyo. Zojambula za dzulo apa sizikanathandiza, chifukwa dzulo eriyo yachisanu inali pamsomali. Tinayenera kumvera pompo. Mwamwayi, kapena mwatsoka, mzukwa n'kuti ukulira ndithu.

Eriyo inalipo. Pulagi yachisanu pa bokosi inalipo. Chinasowa n'chimodzi.

Nthambo ya mamita awiri.

Tonse tinayang'ana nkhata ija. Amalume anayang'ana kumwamba.

"Adadi."

"Ayi."

"Adadi, anthu ali pageti ndi zibonga, ndipo akufuna kupita kwa munthu amene mwina sanalakwe."

Sindinaonepo amalume akuyeza chinthu mosamala chonchi. Anayeza ndi tepi, anabwereza, anaika chizindikiro ndi chikhadabo, anapuma mozama. Pulayazi inalira kamodzi, khwa! Anatulutsa chitini chawo cha mapulagi, anatenthetsa chowotcherera, fungo la soda linadzaza khonde. Manja awo, tinene zoona, sananjenjemere ngakhale pang'ono. Msuweni anangofufuta 100 m'pulogalamu n'kulemba 90, poti nkhatayo inali itafupika ndi mamita awiri. Kukonza kumene kukanafuna ulendo wa kumsika kunatha ndi manambala awiri.

Wokwera padenga ndinali ine, monga mwa masiku onse. Ndili pamwambapo ndi pamene ndinaona anthu pageti akupatukira uku ndi uku. Ankalowa ndi akulu a mpingo eni ake, atavala jekete, chipewa chili m'manja.

"Ndamva kuti ndikufunidwa," anatero. "Ndabwera ndekha kuti musavutike."

Palibe anayankha. Wina anawapatsa mpando. Amayi a shabini anasendeza wawo kuti akhale moyandikana, mwina koyamba chibadwire.

Ndinamanga eriyo, ndinatsika. Msuweni anandituma kutsogolo kwa thabwa kukadina rimoti pang'ono kuti ayeze yatsopanoyo. Nditabwerera anatembenuza laputopu kuti aliyense aone yekha, amfumu kutsogolo.

"Umene uzimiririke ndi wabodza," anatero.

Mivi iwiri. Inagwedera. Bokosi linadziyeza, sikirini inaphethira. Wina unayamba kufupika, kufupika, kufupika, mpaka unatheratu.

Unali wakutsogolo.

Akulu a mpingo anavala chipewa chawo pang'onopang'ono, koma sanadzuke. Ndani akanachoka pamenepo?

Tsono mumpanda mwathu, kumbuyo kwa khonde, muli zitseko zitatu. Cha alandilodi, amene sabata yonseyi akhala akutifunsa kuti timaliza liti zoseweretsa zathuzi. Cha wochita lendi watsopano uja amene satsegula windo ngakhale kutenthe bwanji. Ndi cha kashopu ka amalume, kodzaza mpaka kudenga ndi mawailesi, maalamu, mabelu a pageti ndi zina zimene eni ake anaziiwala zaka zapitazo.

Amfumu anatembenukira kwa amalume. Amalume n'kuti akukulunga nkhata yawo, mosamala kwambiri, osayang'ana munthu.

"Ukuloza chitseko chiti, mwana iwe?" anafunsa amfumu.

Msuweni sanayankhe. Anawerama, mphuno pafupi kugunda sikirini.

"Sukuloza chitseko."

"Nanga?"

"Ukuyenda."

Tinaunjikana. Muvi unkasendera pang'onopang'ono, digiri ndi digiri, ndipo mzere wosonyeza mphamvu unkakwera. Chinthu chimene chakhala malo amodzi nthawi yonseyi chinali chitanyamulidwa, ndipo wonyamulayo sankathawa nacho. Ankabwera nacho kuno. Pakona ya nyumba panamveka mapatapata, phwa, phwa, phwa, osafulumira.

"Odi kuno!"

Mawu amenewo tonse tinawadziwa. Amalume anagwetsa nkhata.

Inunso mumawadziwa, mwakumana nawo kale m'nkhani ino. Koma malo anga athera pomwepa, ndipo musavutike kundiimitsa pamsewu kapena kundigulira kanyenya, sindinena kanthu. Tionane sabata ya mawa.